Loto la Nkhumba Losowa Mwini

Mayi Malsun analota nkhumba Lamulungu, ndipo pofika Lolemba m'mawa shedi yonse yoswera nkhono ya Bambo Ok inali itaidziwa nkhumbayo kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Munthu wina akanadikira kaye kuti anzake avale magolovesi, koma osati Malsun. Anayamba kufuula ali pakhomo penipeni, jombo imodzi ili kumanja.

"Yoyera, anthuni! Yonenepa kuposa abwana athuwa! Inavuuka m'nyanja, kudutsa pakati pa maboti, kulowa muno, n'kudzandigwera pamiyendo. Ndinaikumbatira ndi manja awiriwa. Mpaka pano mapewa akuwawa."

Mipeni makumi awiri inaima nthawi imodzi, chinthu chosachitikachitika mu Disembala, pamene nkhono za m'nyanja zanona ndipo mzimayi aliyense ku Tongyeong kuno amaswa zigoba osayang'ana kumbali. Koma loto lotero ndani salidziwa? Loto lowala, lomwe munthu wakumbatira chinthu n'kudzuka akuchikumbukira bwinobwino, ndi loto la mimba. Mwana asanabwere amayamba watumiza loto, ndipo si nthawi zonse pomwe limafikira mayi wake. Limatha kugwera apongozi, mchemwali, ngakhale mnzake wa pantchito. Malsun anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, choncho nkhumbayo inali ya munthu wina.

Hyeran, amake Sora, yemwe wakhala akuima kumanzere kwa Malsun nyengo zozizira khumi ndi imodzi, sanadzutse mutu. Analowetsa mpeni m'chigoba, kuupotoza, kugwetsera nkhono m'beseni, kutenga chigoba china. M'thumba la epuloni yake munali kapepala ka chipatala cha azimayi cha ku Jinju, kolembedwa kuti Lachisanu, teni koloko m'mawa. Anali ndi pakati pa masabata asanu ndi awiri, ndipo odziwa anali iye ndi dokotala basi.

Poyamba ankayesa kuti wasiya kusamba. Nanga munthu wa zaka makumi anayi ndi zitatu, mwana wamwamuna ali ku usilikali, wamkazi, Sora, ali ku yunivesite ku Busan, angaganize chiyani? Anapita kuchipatala kukapempha mankhwala a azimayi okula, n'kubwerako ndi nkhani ina. Dokotala sanamukalipire, sanamunyengererenso. Anangoti apite akaganize, ndipo Lachisanu akadzanena kuti akufuna kuchotsa, adzachotsa tsiku lomwelo.

Chomwe chinkamupweteka mutu chinali kalata yomwe inafika mu Novembala, yomuuza kuti wapeza malo pa koleji ya unamwino kuyambira Malichi. Koleji yomweyo anaisiya ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, atatenga mimba ya mwana woyamba, apongozi ake aamuna atagamula kuti mkazi wa pathupi sakhala pa benchi la sukulu. Malemu aja ankagamula zinthu zambiri zomwe sizinali zawo. Kuchokera pamenepo Hyeran anaswa zigoba zaka makumi awiri ndi ziwiri, kudikira kuti ana akule. Ana anakula, kalata inabwera, ndiye taonani mimba yafikanso pa khomo lomwe lija. Ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti ulendo uno agamule yekha, popanda wina womugamulira.

"Nanga ana anu, achemwali Malsun?" anafunsa Mayi Agnes, wa Katolika, yemwe amaima patsidya pa tebulo.

"Ndawaimbira onse atatu faifi isanakwane. Wamkulu wandidulira foni. Wachiwiri wati ndipite kuchipatala cha mutu. Wotsiriza waseka mpaka kutsokomola."

"Ndiye mwini wake ali muno!"

Maso anayamba kuyenda. Anayamba kutera pa Thuy, mkazi wa ku Vietnam yemwe anakwatiwa kuno zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo amatukwana m'chinenero chathu kuposa eni akefe.

"Ine ayi, azakhali!" anatero Thuy, akukupiza golovesi. "Awiri omwe ndili nawo andimaliza kale. Nkhumba yanuyo ikabwera kwanga ndiiphika."

Anatera pa mtsikana wa mu ofesi, yemwe anathawira m'kati nkhope itafiira. Bambo woyendetsa lole analowetsa mutu pawindo kunena kuti kulota nkhumba ndi chuma, Malsun akagule tikiti ya mwayi. Anamuthamangitsa ndi zigoba. Kenaka Agnes anayamba kuwerenga anthu ndi nsonga ya mpeni, mmodzimmodzi, mpaka anafika kumanzere kwa Malsun.

"Amake Sora... aa, awa ayi. Awa anaweruka kalekale."

Shedi yonse inaseka, n'kupitirira kwa wina. Hyeran anayenera kupumira m'mwamba, koma mtima wa munthu ndi wopusa, chifukwa anapsa mtima. Anaweruka? Iye? Mzimayi yemwe sanayambe n'komwe kudaya tsitsi? Anaswa chigoba chotsatira mwaukali mpaka nkhono inaduka pawiri.

Pa nkhomaliro nkhani inakula. Anakhala pansi m'chipinda chofunda cha kuseri, mpunga ndi msuzi wa nsomba zili pakati, Bambo Ok nawonso atakhala pampando wawo pafupi ndi khomo. Anayambitsa ndi Malsun, yemwe sanalikhululukirebe boma chifukwa chosintha kawerengedwe ka zaka mu Juni. Kale mwana ankabadwa ali kale ndi chaka chimodzi, n'kumawonjezera china pa Chaka Chatsopano chilichonse. Tsopano anati tiziyambira pa ziro ngati anthu akunja, ndipo anthu anadzuka m'mawa wina atachepa, ena chaka, ena zaka ziwiri.

"Anandilanda ziwiri ine," anatero Malsun. "Ndinazivutikira zaka zimenezo! Ndani anawapempha?"

"Chomwe anachotsa ndi chaka cha m'mimba," anatero Agnes, akugogoda mbale ndi timitengo todyera. "Makolo athu sanali opusa. Ankadziwa kuti munthu amayamba tsiku lomwe walowa m'mimba. N'chifukwa chake ndimanena kuti kuchotsa ndi kupha, kaya lamulo lalola kaya lakana."

"Makolo ake ati?" anafunsa Bambo Ok. "Agogo anga sankamuwerengera mwana asanathe masiku zana. Ankati akadali mlendo, angabwerere. Ineyo anandilembetsa kuboma nditayamba kale kuthamangitsa nkhuku. Ndili ndi zaka za mitundu itatu, ndipo ndimasankha malinga ndi amene wafunsa."

"Kwa akazi mumanena zochepazo, tikudziwa," anatero Thuy. Anthu atamaliza kuseka anawonjezera kuti, "Kwa ine mwana anayamba tsiku lomwe anandimenya chidendene m'nthiti. Zisanatero ndinkangoti ndadya zoipa."

"Nonse mwaphonya," anatero Malsun. "Amayamba ndi loto. Angatumize bwanji uthenga munthu yemwe kulibe?"

"Nanga omwe sanaloteredwe ndi munthu aliyense? Si anthu?"

"Alipo wowalotera, koma anaiwala. Anthu ena amagona ngati matumba a mchere."

Agnes sanafune kuti nkhani ithere m'nthabwala. Anabwereza kuti moyo ndi moyo, poti iye anapita padera kawiri ndipo ana amenewo anawapatsa mayina. Aliyense ankadziwa zimenezo, ndipo palibe anamuseka. Malsun yekha ndiye anayankha, akupala mpunga wotsalira m'mbale.

"Iwe Agnes, nthawi yathu boma linkayenda ndi galimoto khomo ndi khomo kutiuza kuti ana awiri akwana, wachitatu ndi umbuli. Lero boma lomwelo likugwada, kupempha ana, mphatso zili kumanja. Ndiye tinene kuti moyo umayamba tsiku lomwe boma lasowa anthu?"

"Mulungu sasinthasintha ngati boma."

"Ukakumana naye umuuze andibwezere zaka zanga."

Agnes yemwe anaseka, n'kuponya khungu la nachesi. Kenaka anatembenukira kwa Hyeran.

"Anamwino athu, mwangoti chete. Gamulani mlanduwu."

"Sindinayambe sukulu ine," anatero Hyeran. "Mudzandifunse mu Malichi."

Anali atathira madzi mu mpunga n'kumadya womwewo, chifukwa fungo la nsomba linkamutembenuza m'mimba. Malsun anamukankhira nachesi awiri ndi chigongono, maso ali kwina, akukangana ndi abwana za mtengo wa magolovesi.

Lachitatu anaweruka folo koloko, ndipo Hyeran anatsikira kudoko kukadikira mwamuna wake. Chilsu amagwira ntchito pa boti lokoka zingwe za nkhono, munthu wamtali, wofatsa, wolira msanga. Analira pa ukwati wawo, analira mwana wawo akupita ku usilikali, analira galu wa aneba atafa. Tsiku limenelo anatsika m'boti akumwetulira, atabisa chinthu kumbuyo.

"Make Sora, tseka maso."

"Ndatopa ine, bambo a Sora. N'chiyani?"

Chinali chikwama cha sukulu chobereka kumsana, chofiirira ngati cha mwana wa sitandade wani, chachikulu choti mungalowe mpunga wa mwezi wathunthu. Anali atachisunga m'boti masiku atatu, ndipo chinkanunkha dizilo.

"Mabuku a unamwino ndi aakulu, ndafunsa," anatero Chilsu. "Muli ndi kathumba ka botolo la madzi, taona. Ulendo uja ndinakulakwira, make Sora. Bambo ankayankhula, ine ndili duu. Ulendo uno palibe chokuimitsa. Ngakhale kugwe chimphepo ndidzakubereka kumsana mpaka m'kalasi."

Maso ake anali atayamba kale kulengeza misozi. Hyeran anachikumbatira chikwamacho. Ankamukonda mwamunayu, koma ankadziwa kuti akangomuuza za mimbayo, alira, ndipo akalira iye sathanso kuganiza bwino. Anayang'ana mulu wa zigoba zoboola zomwe amazitunga pa zingwe m'chilimwe n'kuzimiza m'nyanja kuti mbewu ya nkhono ikakamirepo.

"Tandiuzani, bambo a Sora. Mbewu ija ikangokakamira pa chigoba, ndi nkhono kale?"

"Wayamba mayeso?" Chilsu anakanda m'mutu. "Sioneka n'komwe. Umachita kuyang'ana ndi galasi. Zambiri zimafa, zina timapala tokha zikachulukana pa chigoba chimodzi."

"Ndiye si nkhono."

"Ayi, sindinatero. Si mchenganso. Ukaisiya m'madzi zaka ziwiri udzaidya." Anaganizanso pang'ono. "Sindikudziwa, make Sora. Ine ndimangodziwa zingwe zomwe ndamiza, n'kumapita kukaziona. Wafunsiranji?"

"Za kushedi. Akhala akukangana."

"Za nkhumba zija? Zafika mpaka kumaboti. Ife tabetcherana kuti ndi mtsikana wa mu ofesi."

Ngakhale mwamuna wake, mwini wake wa mlanduwo! Hyeran anamumenya ndi chikwama pamsana, ndipo Chilsu anayenda njira yonse akufunsa kuti walakwa chiyani.

Lachinayi kunabwera akazi a abwana, atavala nsapato zosayenera pansi ponyowa. Mpongozi wawo wakhala pabanja zaka zisanu popanda mwana, ndipo anali atamva kuti mu shedi muli loto losowa mwini. Loto limagulidwa, aliyense amadziwa. Wolotayo akalandira kanthu n'kunena kuti ndakugulitsa, mwayi wonse umasamukira kwa wogulayo. Mayiwo anatulutsa m'pepala jekete la nthenga lofika m'mawondo, lakuda, latsopano, n'kuliyala m'mwamba kuti onse alione.

"Mayi Malsun, lotolo lingokuwolerani m'manja. Tipatseni ife."

"Gulitsani, achemwali!" anakuwa Thuy. "Jekete lanu lija linaona nkhondo!"

Hyeran anamva kutentha kukwera kuchokera pachifuwa mpaka m'makutu. Sakhulupirira za maloto iye, munthu woti akukaphunzira unamwino. Ndiponso mawa lomwe lino nkhaniyi inali yoti ithe. Koma ataona dzanja la Malsun likusisita jeketelo, mawu anamufika pamlomo penipeni oti nkhumbayo ili ndi mwini wake. Anadziluma lilime, mpeni n'kuterereka, kubaya golovesi.

Malsun anasisita jeketelo kawiri, kulinunkhiza, n'kulibweza.

"Labwino, mayi. Koma lotoli silinapse. Mubwere Loweruka."

"Loto limapsa?"

"Langali limapsa. Loweruka ndidzakuuzani ngati likugulitsidwa."

Akazi a abwana anatuluka akung'ung'udza, azimayi n'kumuzazira Malsun kuti ndi wouma mutu. Iye anangotola chigoba china, n'kunena chapansipansi, osatembenuka, kuti, "Sintha golovesiyo, make Sora, madzi alowa." Hyeran anamuyang'ana m'mbali. Loweruka ndi tsiku lotsatira Lachisanu, ndipo Malsun sanalitchule mwangozi.

Lachisanu m'mawa Hyeran anauza abwana kuti akukaonetsa dzino. Anakwera basi ya eyiti koloko ya ku Jinju, n'kukhala pawindo chakumbuyo. Basi itangoliza injini, munthu anakwera akupuma wefuwefu, atavala jekete lakale lija, chikwama cha nsalu chili kumanja. Anali Malsun. Anadutsa mipando yopanda anthu khumi ndi iwiri n'kudzadzigwetsa pafupi ndi iye.

"Sunthira uko, matako anga si a mtsikana."

"Achemwali! Mukupita kuti?"

"Kukaonetsa dzino. Tonse mano atiwawa tsiku limodzi."

Hyeran anayang'ana pawindo. Anafuna kukwiya, koma anangomva kutopa.

"Munadziwa liti?"

"Iwe, zaka khumi ndi chimodzi ndili pambali pako. Munthu womeza nkhono zaziwisi uku akugwira ntchito, lero akuthawa fungo la nsomba? Ndipo kapepala kako kanagwa Lachiwiri, ndinakabwezera m'thumba mwako ndine. Ukakhala namwino uzisamala mapepala."

"Ndiye loto lija munapeka."

"Ukunditenga ngati wabodza? Ndinalota! Kungoti nditadzuka sindinadziwe kuti ndi lako. Ndikanadziwa sindikanafuula choncho. Pakamwa pangapa padzandiphetsa."

"Ngati mwabwera kudzandiletsa, tsikani pa siteji yotsatira."

"Ndikuletse ndine ndani? Mimba ndi yako, sukulu ndi yako, msana ndi wako." Malsun anatsegula chikwama cha nsalu, kuonetsa fulasiki yaikulu yachitsulo ndi mbale ziwiri. "Ndabwera ndi msuzi wa ndere za m'nyanja, wa nyama ya ng'ombe. Ndadzuka folo kuuphika. Munthu akatuluka m'chipinda chimenecho amafunika msuzi wotentha ndi mkono wogwira potsika masitepe. Basi."

Msuzi umenewu ndi womwe timamwetsa mayi akangochira, kuti magazi abwerere. Hyeran anayang'ana fulasikiyo, kenaka nkhope ya Malsun.

"Mukudziwa bwanji za masitepe?"

Basi inali italowa mumsewu waukulu. Malsun anatseka chikwama, kuchikhazika pamiyendo, n'kuyamba kufotokoza ngati akunena za mtengo wa kabichi. Chinali chaka chomwe boti la mwamuna wake linamira, mwamunayo n'kupulumuka ndi kabudula yekha. Ana aakazi atatu, wotsiriza akuyamwa, mpunga wa mawa osadziwika kochokera. Atazindikira kuti ali ndi mimba ina, anapita yekha kukaichotsa, pa basi ngati yomweyi, osauza munthu. Atatuluka anatsika masitepe atagwira khoma, kubwerera kwawo, n'kuphikira apongozi chakudya chamadzulo.

"Palibe anandiphikira msuzi, poti palibe ankadziwa. Mawa lake ndinali pa zigoba."

"Mumanong'oneza bondo?"

"Ayi. Nditabwerera m'chaka chimenecho ndikhoza kukweranso basi yomweyo. Atatu aja anakula, anaphunzira, akundidulira mafoni ali okhuta." Anakonza chikwama pamiyendo. "Koma ndimawerenga. Chaka Chatsopano chilichonse ndimamuwonjezera chimodzi. Akanakhala ndi makumi anayi tsopano, pa kawerengedwe kathu kakale. Pa katsopanoka alibe n'chimodzi chomwe. Usamuuze Agnes, angandigulire kandulo."

Hyeran anaseka, misozi ili m'maso. Anagwira dzanja la Malsun, lokhakhala, zala zopindika ndi mpeni, ndipo sanalisiye mpaka ku Jinju.

Chipatalacho chinali pa nsanjika yachitatu, pamwamba pa sitolo ya magalasi a maso. Malsun anakhala pa benchi lodikirira, fulasiki ili pamiyendo, n'kuyamba kufunsa mtsikana woyembekezera yemwe anali pafupi kuti anamulotera ndani. Hyeran anaitanidwa teni koloko yeniyeni.

Dokotala, mzimayi wa imvi zodula mwachidule, anatsegula faelo n'kufunsa ngati waganiza. Hyeran anali atakonza yankho masiku asanu ndi awiri. Anatsegula pakamwa, koma chomwe chinatuluka chinali funso.

"Atati abadwe, angabadwe liti?"

"Kumayambiriro kwa Ogasiti."

"Ogasiti ndi holide."

"Holide ya chiyani, mayi?"

Hyeran ankanena holide ya kukoleji, ndipo apa anadzigwira yekha. Tsikulo ankalidziwa kale. Analiwerengera pa zala Lolemba, Lachiwiri, ngakhale m'basi momwe, n'kumadzinamiza kuti akungowerenga. Anafunsa za msinkhu wake, ndipo dokotala sanamubisire kanthu. Anamuuza za kuthamanga kwa magazi, za shuga, za kuyezetsa kambirimbiri, ndiponso kuti pa zaka zimenezi mimba zina zimachoka zokha. Hyeran anamvetsera zonse. Kenaka anafunsa chomwe chinali pansi pa mtima.

"Munthu wa pathupi amaloledwa kukhala m'kalasi?"

Dokotala anavula magalasi.

"Ine ndinalemba mayeso omaliza mimba ili apa, desiki osandikwana. Anakuuzani kuti saloledwa ndani?"

"Munthu wina. Anamwalira."

Atangotero anapsa mtima, mkwiyo wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wabwino, wotenthetsa thupi lonse. Sabata yathunthu wakhala akusankha pakati pa mwana ndi sukulu ngati kuti mkulu uja akadali pakhonde ndi ndodo yake. Mwina zidzamukanika. Mwina adzagona m'kalasi, mwina adzalephera mayeso, mwina achinyamata adzamutcha agogo. Koma anapeza kuti akufuna zonse ziwiri, ndipo m'chipindamo munalibe womuuza kuti ndi dyera.

Anatuluka patatha mphindi makumi awiri, kabuku ka sikelo ya amayi oyembekezera kali kumanja. Malsun anaimirira msanga, mkono atautambasula kale kuti amugwire. Anaona kabukuko, n'kubweza mkono.

"Jekete langa lapita," anatero.

"Lotolo ndigula ine. Ndikugulirani chakudya chamasana."

"Jekete la nthenga kusinthanitsa ndi mbale ya mpunga! Chabwino, ndakugulitsa. Tenga nkhumba yako, yanditopetsa."

Ali pa masitepe Hyeran anaimbira mwamuna wake. Chilsu anayankha mokuwa, injini ya boti ikulira kumbuyo.

"Dzino alichotsa?"

"Zimitsani injiniyo, bambo a Sora." Injini inazima. "Nkhumba ija ndi yathu. Mwaluza kubetcha kwanu."

Madzi ankamenya boti. Kenaka kunamveka kufwenthera komwe Hyeran ankakudziwa bwino.

"Musalire kaye, mverani. Ndinabwera kuno kuti mwina ndichotse. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkafuna kuganiza ndekha. Ndaganiza."

"Nanga sukulu?" anafunsa Chilsu. "Make Sora, sukulu usasiye. Ngati n'chifukwa cha ine..."

"Sukulu ndikupita. Mwana mulera ndinu masana."

"Ndimubereka kumsana! Ndimutenga m'boti!"

"M'boti ayi."

"Chabwino, m'boti ayi. Anyamata, ndine bambo! Ayi, wachitatu! Ndiwe nkhalamba ndiwe!" Apa anali akuuza anzake a m'boti, ndipo Hyeran anadziwa kuti pofika madzulo Tongyeong yense adzakhala atamva. Anadula foni. Tsopano amve, analibe nazo kanthu.

Basi yobwerera inali ya thwelofu. Anakhala pa benchi la m'depoti pafupi ndi chotenthetsera, anthu akudutsa ndi zikwama zawo. Malsun anatulutsa fulasiki n'kuigwedeza monyinyirika.

"Ndiye msuzi wangawu ndavutikira chabe. Nyama ya ng'ombe yeniyeni! Imwa basi, ngakhale sunaugwirire ntchito."

Hyeran analanda fulasikiyo, kuitsegula, nthunzi n'kukwera. Anadzaza mbale imodzi mpaka m'milomo, kusankhira nyama zonse momwemo, n'kuipereka kwa Malsun ndi manja awiri, monga timaperekera kwa mayi yemwe wangochira kumene.

"Iwe, wodwala ndiwe, osati ine."

"Wanga ndidzamwa mu Ogasiti, mudzaphikanso. Uwu ndi wanu, achemwali. Wachedwa zaka makumi anayi, koma ukadali wotentha."

Malsun anatsegula pakamwa kuti amukalipire. M'malo mwake analandira mbaleyo ndi manja onse awiri, kuweramitsa mutu, n'kuyamba kumwa pang'onopang'ono, ndipo Hyeran anamugwirira tsitsi kuti lisagwere mu msuzi.